Singano itathyoka makina anga anasintha kulira

Ndimasoka pakhonde la golosale ina pa Kamwendo kuno ku Mchinji, chapafupi ndi pamene msewu wa ku Kapiri umapatukira. Makina anga ndi a Butterfly, akuda aja opalasa ndi miyendo, ndipo ndakhala nawo zaka 11. Kulira kwawo ndimakudziwa bwino. Akakhala kuti ali bwinobwino amangoti tcheketcheketcheke mofewa, moti ndimacheza ndi kasitomala uku ndikusoka osakweza mawu.

Zimene ndikufotokoza pano zinachitika kumapeto kwa Ogasiti 2024. Atelala anzanga mukuidziwa nyengo imeneyi. Anthu amakhala atagulitsa mtedza ndi soya, sukulu zili pafupi kutsegulidwa mu Sepitembala, ndipo kholo lililonse limafuna yunifolomu ya mwana wake ituluke lero lomwe. Pa chingwe changa panali madiresi odula kale oposa 20 akudikira singano, osawerengera akabudula.

Linali Loweruka masana pamene mnyamata wina anabwera ndi jinzi ya pa kaunjika kuti ndimupindire miyendo. Ndikanamuuza kuti abwere Lolemba. Koma ndalama ya pompopompo imakoma, ndiye ndinachotsa diresi pa makina n'kuikapo jinziyo, singano yake yomweyo ya nambala 14 imene ndimasokera nsalu ya yunifolomu. Ndinasoka bwino mpaka kufika pa msoko wa m'kati mwa mwendo, paja nsalu imapindana n'kukhala chimulu cholimba. Makina anakakamira. M'malo moima, ndinaponda mwamphamvu kwinaku ndikukoka jinziyo kumbuyo ndi dzanja lamanzere.

Thyo!

Kachidutswa kena kanandimenya patsaya, pansi pa diso penipeni. Ndinagwira pamalopo n'kuona kuti palibe magazi. Chidutswa chachikulu chinatsala pa chomangira singano, china ndinachitola pa jinzi pomwepo. Nsonga sindinaione. Ndinangoti ndi yomwe yandimenya ija, yagwera pansi pa fumbi. Ndinamanga singano ina n'kupitiriza.

Nditangoponda ndinamva kuti zinthu zasintha. Pa kuzungulira kulikonse kwa gudumu pankamveka kho, kho, kho, kuchokera pansi, ngati munthu akugogoda mphika ndi supuni. Ulusi wa pamwamba unayamba kuduka ndikangosoka pang'ono, ndipo ndikatembenuza nsalu pansi pake pamakhala ulusi wowirirana ngati mizu ya anyezi.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba zimenezi. Sindinaime. Ndinatenga botolo la oyilo n'kuthira m'mabowo onse, mpaka pa bobini pomwe, kachitsulo kokulungapo ulusi wa pansi kaja, ndikuganiza kuti makina auma. Phokoso linachepa pang'ono chifukwa cha oyiloyo, ine n'kumati zatheka. Ndinamaliza jinzi ija movutikira, n'kubwerera ku madiresi. Ndinasoka mwina ola lathunthu makina akugogoda chomwecho, ulusi ukuduka ine ndikulowetsanso, mpaka singano yachiwiri nayo inathyoka pa nsalu yopyapyala yopanda ngakhale chimulu. Diresi limodzi linadetsedwa ndi oyilo pachifuwa. Pamenepo m'pamene ndinaphimba makina, mtima uli phaphapha.

Mnyamata wina amene amakonzakonza zinthu pamsika, njinga, matochi, maambulera, anabwera kudzamvetsera. Anazunguza gudumu kawiri n'kunena kuti, "Mayi, apa taimingi yathawa. Ndimasule pansipa ndiibweze." Anali atatulutsa kale sipanala. Mawu akuti taimingi, kutanthauza kukumana pa nthawi yake kwa singano ndi chitsulo chokola ulusi pansi, telala aliyense amawaopa, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuvomera. Chimene chinandiletsa n'chakuti mtengo umene ananena unali wa madiresi atatu, ndipo m'thumba munalibe. Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Sindikumunena mnyamatayo, ndi wakhama pa ntchito zake, koma makina osokera si njinga.

Usiku umenewo ndinaimbira amalume anga amene amakhala ku boma. Ndi amene anandiphunzitsa kusoka. Iwo anayamba utelala nthawi ya Kamuzu, pamene akazi sankaloledwa kuvala mathalauza kapena masiketi aafupi, ndipo amakonda kunena kuti nthawi imeneyo jinzi siinkafika pa makina a telala wa madiresi. Maso awo anafooka, anasiya kusoka, koma makutu ndi zala zikadali zakuthwa. Nditawafotokozera anangondifunsa funso limodzi.

"Zidutswa za singano yoyambayo uli nazo zonse?"

"Ziwiri ndili nazo amalume. Nsonga inagwa pansi."

"Unaiona ikugwa?"

Ndinakhala chete.

"Usapondenso makinawo. Asawagwire munthu. Ndibwera mawa tikaweruka ku tchalitchi."

Anafika Lamulungu cha m'ma 2 koloko pa minibasi, atanyamula kathumba ka pulasitiki. M'kati munali sikuludiraiva yaing'ono, mswachi wakutha, kachidutswa ka sandipepa, thonje pang'ono, ndi maginito amene anachotsa ku sipika ya wailesi yakufa. Zida zake zinali zomwezo basi.

Choyamba anandiuza kuti ndiyale pepala loyera pa tebulo, ndigonekepo singano yatsopano, kenako ndilumikize zidutswa za singano ziwiri zothyoka zija pambali pake. Yachiwiri inakwanira yonse. Yoyamba inaperewera kumapeto, kuyambira pa diso la singano kukafika kunsonga, kachidutswa kosafika ngakhale utali wa njere ya mpunga. Anayendetsa maginito aja pansi pakhonde ponse. Anatola mapini asanu ndi ka sikuluwu kamene ndinataya chaka chatha, koma nsonga ya singano panalibe.

"Ndiye ili m'kati," anatero. "Koma tisathamange. Tiyeni tiwafunse makinawo okha kuti pakupweteka ndi pati."

Mmene anafufuzira phokosolo ndi chinthu chimene ndikufuna telala aliyense achidziwe, chifukwa sichifuna ndalama ngakhale 1 tambala. Anachotsa lamba pa gudumu n'kundiuza kuti ndipalase chopondera chokha. Gudumu lalikulu la pansi linazungulira mwakachetechete. Ndiye kuti vuto silinali ku miyendo ya makina. Izi n'zofunika kuyamba nazo, chifukwa nthawi zina ndodo yolumikiza chopondera ndi gudumu la pansi ikakhwepa imagogoda mofanana ndithu, munthu n'kumavutitsa mutu wa makina wosalakwa. Kenako anamasula kachitsulo kozungulira ka pakati pa gudumu la m'manja, kaja timamasula tikamakulunga ulusi pa bobini kuti singano isamayende. Gudumu linazungulira lokha, zii. Anakamanganso.

Atatero anachotsa singano, ulusi, phazi lopondereza nsalu, bobini ndi chikesi chake. Anapendeketsa mutu wa makina chakumbuyo n'kuyamba kuzunguza gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono, kulikokera kwa iwo monga timachitira posoka, khutu ali nalo pafupi. Kho. Anazunguzanso. Kho, pamalo omwewo. Anandigwiritsa gudumu kuti ndimve ndekha. Pofika pamalopo gudumu linkalimba pang'ono m'dzanja, ngati pamene mukutafuna nsima n'kuluma kamchenga, kenako n'kumasuka.

"Wamva? Singano palibe, bobini palibe, koma akulirabe. Ndiye singano yatsopano ija sinali yolakwa, ndipo si nkhani ya taimingi. Taimingi ndi kukumana kwa singano ndi shatulo. Popanda singano, ikalira bwanji?"

Mawu amenewa anandilowa mpaka lero. Ndi nzeru yapafupi, koma tsiku lija mutu uli pa madiresi a eni ake sindikanaiganiza.

Kwa amene simunatsegulepo pansi pa makina anu: pamene pamalowa chikesi cha bobini pali chitsulo chooneka ngati mwezi wongokhala, chokhala ndi mlomo wosongoka. Chimenechi ndiye shatulo. Pa makina ngati angawa sichizungulira mozungulira monse ayi, chimapita n'kubwerera, chikutsetsereka mu kanjira kozungulira kosemedwa m'chitsulo. Singano ikatsika n'kuyamba kukwera, ulusi umapanga kakhwekhwe pambali pa diso lake, mlomo wa shatulo n'kukola kakhwekhweko n'kukazungulitsa pa bobini. Msoko umamangika choncho. Kapangidwe kameneka Butterfly ya ku Shanghai inatengera ku makina akale a Singer a mtundu wa 15, n'chifukwa chake mabobini a makina akuda ambiri amene tili nawo m'misika mwathu muno amalowana. Kanjira ka shatulo kaja n'kothina kwambiri. Ngakhale kaulusi kakatsakamiramo makina amalimba, nanji kachitsulo.

Amalume anakweza chomangira singano mpaka pamwamba penipeni, n'kumasula timasikuluwu tiwiri togwira nyumba ya shatulo. Makina ena m'malo mwa timasikuluwu ali ndi tizitsulo tiwiri tongokankhira m'mbali. Asanachotse chilichonse anandiuza kuti ndijambule ndi foni mmene zinthu zakhalira, kuti pobwezera tisasokoneze. Shatulo itatuluka anazunguzanso gudumu. Linayenda myaa, popanda kugogoda kulikonse.

Zimene ndinaona m'kanjira muja zinandichititsa manyazi. Munali fumbi la nsalu la zaka, losakanikirana ndi oyilo amene ndinathira dzulo lake, lakuda ngati phala la makala. Ndimapukuta makina anga tsiku lililonse pamwamba, amawala, koma shatulo ndinali ndisanaichotsepo chiyambire. Amalume anaviika mswachi mu palafini n'kuyamba kutsuka. Ine ndinawaunikira ndi tochi ya foni. Chapansi pa kanjirako, pakona, panang'anima kanthu. Anayandikitsa maginito koma sikanatuluke, kanali katakanirira. Anakatokosa ndi pini mpaka kanagwera pa pepala loyera lija.

Inali nsonga ija, koma itaphwatalala mbali imodzi chifukwa chopondedwa ndi shatulo kwa ola lathunthu. Titaiika pa zidutswa zinzake, singano inakwanira.

Ine ndinasangalala n'kumati tamaliza. Amalume anapukusa mutu. Anatenga shatulo ija, anaipukuta, n'kuyendetsa chikhadabo cha chala chachikulu m'mphepete mwake monse, maso atatsinzina. Pafupi ndi mlomo chikhadabo chinakodwa. Anatenga thonje n'kulipukutira pamalopo, ndipo timaulusi ta thonje tinatsalira pa chitsulo. Ndi maso sindikanaona kanthu, koma thonje linaonetsa kuti pakalika, ndipo pali kachitsulo kotukuka kakuthwa. Ndi kameneka kankadula ulusi wanga. M'mbali mwa shatulo, mmene imatsetserekera m'kanjira, munalinso mikwingwirima iwiri yaitali yonyezimira.

"Iyi ya pamlomo yachitika ndi singano pothyoka. Siukanaipewa. Koma iwiri iyi wapanga ndiwe, posoka ili m'kati."

Sanakalipe. Anangonena n'kupitiriza ntchito, koma zinandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Sandipepa amene anabwera naye sanali wa akalipentala wokhakhala uja. Anali wakuda wosalala kwambiri, wa nambala 600, amene amagwiritsa ntchito openta magalimoto. Anadonthezapo oyilo n'kupala pokalikapo mopepuka, kangapo kokha, kulowera kumene ulusi umatsetserekera, n'kuyesanso ndi thonje. Anabwereza mpaka thonje linadutsa osakodwa. Nsonga yeniyeni ya mlomo sanaikhudze. Anandichenjeza kuti ukaipala nsongayo n'kuifupikitsa kapena kuibunthitsa, imalephera kukola ulusi, makina amayamba kudumpha misoko, ndipo palibenso mankhwala koma kugula shatulo ina. Tupa asayandikire n'komwe.

Anayang'ananso chitsulo chimene chimakankha shatulo. Kumapeto kwake kuli kasipuling'i kopyapyala komangidwa ndi timasikuluwu ting'onoting'ono, kamene kamachititsa kuti zitsulo ziwirizi zisamamenyane mwaphokoso. Kakathyoka kapena kukhwepa, makina amalira kwambiri ngakhale m'kati mulibe chinyalala. Kanga kanali bwino. Chikesi cha bobini nachonso anachiyendetsa chikhadabo, makamaka kanyanga kake kaja kamalowa pa mpata wa pamwamba. Chinalibe vuto.

Kenako anamasula puleti ya pansi pa singano. Pakati pa mano okoka nsalu panali fumbi lolimba ngati chikopa, moti tinachita kulitokosa. Pa bowo lolowa singano panali pokumbika mbali ya kumbuyo, umboni woti singano inamenya pamenepo ndisanaithyole, nthawi imene ndinkakoka jinzi ija. Anang'amba kachingwe kopyapyala ka sandipepa yemwe uja, kukalowetsa pa bowolo, n'kumakoka uku ndi uku mpaka posalala. Pobwezera puletiyo anamanga masikuluwu onse awiri mofanana, chifukwa ikakhala mopendekeka mano amaikhula n'kuyambitsa phokoso lina latsopano.

Atabwezera shatulo anadontheza dontho limodzi lokha la oyilo m'kanjira muja. Limodzi. Anayang'ana botolo langa n'kulinunkhiza kuti atsimikize kuti ndi oyilo wa makina, woyera ngati madzi uja. Akuti anaonapo makina ambiri atafa ndi mafuta ophikira, amene poyamba amafewetsa koma pakapita miyezi amauma n'kumata ngati ulimbo.

Pa singano napo ndinaphunzirapo kanthu. Ndinawapatsa paketi imene ndinagula kwa ogulitsa oyendayenda. Anatenga singano imodziimodzi n'kuigoneka pa galasi la foni yanga, mbali yake yaphwatalala ili pansi, n'kuyang'ana mpata wa pakati pa singano ndi galasi. Singano yowongoka mpata wake umakhala wofanana kuyambira kumtunda mpaka kunsonga. Mwa zisanu ndi ziwiri zimene zinatsala, ziwiri zinali zokhota zisanagwire n'komwe ntchito. Anazitaya m'chitini. Anandikumbutsanso kuti makina athu apakhomowa amafuna singano yokhala ndi mbali imodzi yaphwatalala kumtunda, imene pa paketi amalemba HAx1 kapena 130/705H. Zolembedwa DBx1 n'zobulungira kumtunda konse, ndi za makina amagetsi a m'mafakitale aja, ndipo ogulitsa ena sasiyanitsa. Ukaimanga pa makina ngati angawa siikhala pamalo pake, imadumpha misoko kapena kukhula shatulo.

Pa makina anga mbali yaphwatalala imayang'ana kumanja, ku gudumu, ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanzere. Makina ena n'ngosiyana, choncho musangotengera anga. Chosasintha n'chakuti kamsewu kakatali kosemedwa m'singano kamayang'ana mbali imene ulusi ukuchokera. Ndipo singano iyenera kukankhidwa mpaka igunde kumtunda musanamange. Ikatsala pang'ono pokha, imatsika mopitirira n'kukamenya za pansi.

Pomaliza penipeni m'pamene anayang'ana taimingi ija. Anamanga singano yabwino, popanda ulusi, n'kuzunguza gudumu mpaka singano inafika pansi penipeni. Anapitiriza pang'onong'ono kuti iyambe kukwera, mwina mamilimita awiri, n'kundiuza kuti ndisuzumire ndi tochi. Mlomo wa shatulo unali utafika pa singano, pamwamba pang'ono pa diso lake, moyandikana kwambiri koma osakhudzana. "Ndi mmene ziyenera kukhalira," anatero. Anafotokoza kuti singano ikamenya chinthu cholimba kwambiri, ndodo yonyamula singano imatha kutsetserekera m'mwamba, ndiye mlomo wa shatulo umadutsa pa diso penipeni kapena pansi pake, osakola ulusi. Zikatero ndiye pamafunikadi munthu wodziwa, osati wongoyesa. Koma makina anga akanamasulidwa pansi Loweruka lija, akanasokonezedwa pamalo pamene panali bwino, nsonga ija ikadali m'kati, ndipo tikanakhala ndi mavuto awiri osadziwa kuti loyamba ndi liti.

Tinabwezera lamba. Ndinaika kansalu kotsala n'kuponda. Tcheketcheketcheke. Ndinasoka mizere isanu, ulusi osaduka, pansi pake poyera bwino. Misozi inalengeza, sindibisa. Makina amenewa ndi amene amalipira fizi ya ana anga.

Amalume asanakwere minibasi anapempha jinzi ina imene inali pa mulu wa zokonza kuti andionetse kawolokedwe ka chimulu chija. Anaika singano ya nambala 18. Pa paketi pamalembedwa manambala awiri, monga 14/90, 16/100, 18/110, ndipo yachiwiriyo imanena kunenepa kwa singano: 100 ndiye milimita imodzi. Nambala 14 ndi ya nsalu za madiresi ndi zitenje, jinzi imafuna 16 kapena 18. Anagoneka msokowo pa simenti, kuuphimba ndi kansalu, n'kuumenya ndi hamala kangapo mpaka unaphwa. Posoka, atafika pa chimulu, anaima singano ili pansi, anakweza phazi, n'kulowetsa kansalu kopindapinda kumbuyo kwake kuti phazilo likhale mopingasa bwino m'malo mopendekeka ngati galimoto yokwera chitunda. Anachotsa miyendo pa chopondera n'kuwoloka pamalopo pozunguza gudumu ndi dzanja, msoko umodziumodzi. Nsalu sanaikoke ngakhale pang'ono. Ukakoka, singano imapindika ili m'kati mwa nsalu, ndiye potsika imaphonya bowo n'kumenya puleti. Ndi zimene zinachitika kwa ine.

Anandiuzanso za tsaya langa lija, kuti kachidutswa kaja kakanakwera pang'ono bwenzi tikunena za chipatala. Kuyambira pamenepo ndikamasoka jinzi, zikwama kapena malamba ndimavala magalasi, ngakhale anzanga pakhonde amandiseka kuti ndakhala wowotcherera.

Madiresi aja ndinawamaliza sukulu zisanatsegulidwe, kupatula limodzi lodetsedwa ndi oyilo lija limene ndinachita kugula nsalu ina ndi ndalama yanga. Koma mikwingwirima iwiri ija sinandisiye. Makina ankasoka bwino, komabe pofika mu Disembala ndinayamba kumva kaphokoso kena kosalala, shii shii, makamaka ndikathamanga, ndipo shatulo inkagwedera pang'ono m'nyumba mwake. Amalume anati ndigule ina isanadye kanjira, chifukwa nyumba ya shatulo ndi yodula kuposa shatulo. Ndinapita ku Lilongwe nditanyamula yakaleyo m'kachikwama kuti ndikafananize, popeza zimaoneka zofanana koma si zonse zimalowana. Zipangizo zinali zitakwera kwambiri chitsikire kwacha mu Novembala 2023, moti pamodzi ndi thiransipoti ndinawononga ndalama yoposa imene ndinapeza pa majinzi onse a mwezi umenewo.

Tsopano Loweruka lililonse ndisanatseke ndimachotsa shatulo, kutsuka kanjira ndi mswachi, n'kudontheza dontho limodzi. Maginito aja amalume anandisiyira, ndinawamata kumwendo kwa makina. Mwezi watha mtsikana amene ndikumuphunzitsa anathyola singano pa zipi ya siketi, ndipo ndinaona dzanja lake likupita kale ku paketi kuti amange ina. Ndinamugwira mkono n'kumupatsa pepala loyera. Tinalumikiza zidutswa, zinaperewera. Tinayendetsa maginito pansi, palibe. Tinatsegula puleti, ndipo nsongayo inali itagona pakati pa mano, isanagwere m'kanjira. Tinaitola ndi maginito, tinamanga singano ina, iye n'kupitiriza zipi yake.